Sukulu ya Chingerezi ili pa botolo la mankhwala

Aliyense wokhala m'malire muno, kuyambira ku Zóbuè kudzera ku Tsangano ndi Ulónguè mpaka ku Calómuè, akudziwa kuti katundu wambiri wa m'nyumba mwathu amachokera mbali inayo ya malire. Pa msika wa Lizulu, pamene msewu wa phula wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndiwo malire enieniwo, munthu amagulitsa mbatata yake ya kachewere m'mawa, madzulo n'kubwerera ndi mbewu ya chimanga, mankhwala opopera tomato ndi timapiritsi ta mutu. Mwana akadwala, amayi ambiri amathamangira chipatala chimene chili pafupi, ngakhale chikhale cha ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza. Pa katundu yenseyo ndi pa mapepala onsewo pamalembedwa Chingerezi, pamene ife kusukulu tidaphunzira Chipwitikizi.

Izi sizodabwitsa ayi. Dziko lathu lidachita malire ndi maiko 6, omwe ndi Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, ndipo onsewa amagwiritsa ntchito Chingerezi m'maofesi ndi pa malonda. Nalo dziko la Mozambique lidalowa m'bungwe la Commonwealth m'chaka cha 1995 ngakhale silidalamulidwepo ndi Angerezi. Anthu ambiri amaganiza kuti Chingerezi n'cha ofuna ntchito m'tauni kapena opita ku Joni. Koma kwa ife a kumudzi, Chingerezi chofunika msanga ndi chimene chili pa botolo, pa thumba ndi pa chigaba, popeza ndicho chimatiuza chimene tingamwe ndi chimene chingatiphe.

Zimene zidachitika ku Iraq

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tiyeni tione zimene zidagwera alimi anzathu a dziko lakutali la Iraq. Kumapeto kwa chaka cha 1971, boma la kumeneko lidaitanitsa mbewu ya tirigu ndi barele kuchokera ku Mexico ndi ku America. Mbewuyo idathiridwa mankhwala a poizoni oiteteza ku matenda ndipo idapakidwa utoto wofiirira, monga momwe imaonekera mbewu ya chimanga imene timagula m'sitolo. Pa matumba padalembedwa chenjezo, koma m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, zilankhulo zimene alimiwo sankazidziwa.

Mbewuyo idafika mochedwa, ambiri atadzala kale. Anthu adaitsuka, ataona kuti utoto wachoka adaganiza kuti poizoni wachokanso, ndipo adakagayitsa n'kuphika buledi. Pofika m'chaka cha 1972, anthu 6,530 adagonekedwa m'zipatala ndipo 459 adafera m'zipatalamo. Ambiri mwa opulumuka adatsala osaona bwino kapena osatha kuyenda. Chenjezo lidalipo pa thumba lililonse, chidasowa ndi munthu wolimva.

Tsono pa thumba la mbewu mukaona mau akuti "treated seed" kapena "not for human consumption", dziwani kuti akunena kuti mbewuyo ili ndi mankhwala ndipo si yoti munthu adye. Njala ikavuta m'mwezi wa Januwale, musaitsuke kuti mukagayitse, ndipo musapatse nkhuku kapena nkhumba.

Kutchula si kumva

Ife ogwira ntchito pa wailesi timadziwa kuti munthu angathe kuwerenga mokweza tsamba lonse, mau ake n'kumveka okoma, iye osamva kanthu pa zimene wawerengazo. Chomwechonso mwana wasukulu angathe kutchula mau onse a pa botolo, makolo n'kumamunyadira, koma mukamufunsa kuti nanga timwe angati, iye kukamwa yasa. Kuwerenga kothandiza ndi kumene kumayankha mafunso. Pepala lililonse la mankhwala, kaya a munthu, a ziweto kapena a m'munda, tizilifunsa mafunso asanu awa: Kodi chimenechi n'chiyani? N'cha yani? Muyezo wake ndi wotani? Tigwiritse ntchito kangati ndipo kwa masiku angati? Nanga choletsedwa n'chiyani?

Funso lomalizali ndilo lalikulu, ndipo yankho lake limabisala m'timau tating'ono. Mau akuti "not", "do not" ndi "never" ndi oletsa, ngati "não" ndi "nunca" m'Chipwitikizi. Munthu wowerenga mothamanga akadumpha kamau kamodzi aka, chiganizo chonse chimatembenuka. "Do not swallow" ndiye kuti musameze. "For external use only" ndiye kuti mankhwalawo ndi opaka pakhungu basi, osati akumwa. "Keep out of reach of children" ndiye kuti muwaike pamene ana sangafikire. "Shake well" ndiye kuti mukhutchumule botolo musanathire, chifukwa mphamvu ya mankhwala imadikha pansi.

Pamene Chipwitikizi chimathandiza ndi pamene chimanamiza

Amene adaphunzirako Chipwitikizi ali ndi poyambira, popeza mau ambiri a zachipatala ndi ofanana m'zilankhulo ziwirizi. "Adult" ndi "adulto", "capsule" ndi "cápsula", "infection" ndi "infecção", ndipo "dose" amalembedwa chimodzimodzi konse kuwiri. Koma pali mau ena amene amaoneka ngati pachibale pamene ali adani. Mpwitikizi akati "constipação" akunena chimfine, koma Mngerezi akati "constipation" akunena kudzimbidwa. Munthu wachimfine akagula mankhwala olembedwa mau amenewa, adzachezera kuchimbudzi usiku wonse chimfine chili pomwepo.

Choopsa kuposa pamenepa ndi mau akuti "once". Amafanana ndi "onze", koma tanthauzo lake ndi kamodzi, osati 11. "Once a day" ndi kamodzi pa tsiku, "twice a day" ndi kawiri, ndipo "every 8 hours" ndi katatu pa tsiku, usiku kuwerengera pamodzi.

Nazonso nambala zili ndi msampha wake. Ife timalemba 2,5 ml ndi kamchira, Angerezi amalemba 2.5 ml ndi kadontho. Kadonthoko kakafufutika kapena maso akakadumpha, munthu amawerenga 25, ndiye kuti mwana wamwa mankhwala ochuluka kakhumi. Kumbali ina, Mngerezi akalemba 1,000 mg akunena chikwi chathunthu, osati imodzi. Pa masupuni, "teaspoon" ndi kasupuni ka tiyi ka 5 ml, pamene "tablespoon" ndi supuni yaikulu ya 15 ml, yoposa inzake katatu. Popeza masupuni a m'nyumba mwathu ndi osiyanasiyana, ndi bwino kuyezera kakapu kamene kamabwera ndi botolo.

Tsiku lotha mphamvu, limene ife timalidziwa kuti "validade", iwo amalemba "EXP", ndipo pa zakudya amalemba "best before". Musasokoneze ndi "MFG" kapena "MFD", lomwe ndi tsiku limene chinthucho chidapangidwa. Miyezi yambiri imafanana, koma dziwani kuti "Oct" ndi Outubro, "Dec" ndi Dezembro, "Aug" ndi Agosto ndipo "Apr" ndi Abril.

Zitsanzo za m'nyumba

Mankhwala a malungo amene kuno timawatcha Coartem, ku Malawi amawatcha LA, koma ndi amodzi omwewo. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku 3. Tsiku loyamba, munthu akamwa koyamba amadikira maola 8 n'kumwanso, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Chiwerengero cha mapiritsi chimatsata sikelo: limodzi kwa mwana wa makilo 5 mpaka 14, ndipo 4 nthawi iliyonse kwa munthu wa makilo 35 kapena kuposa. Mau akuti "take with food" akutanthauza kuti amwere pa chakudya, makamaka cha mafuta pang'ono monga phala lotendera kapena mkaka, kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Pamene palembedwa "complete the course" akuti mumalize onse ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri. Kusungira mwana wina mapiritsi otsala ndi kuitana malungo kuti abwerenso.

Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol, tidamuzolowera ngati mchere, koma naye ali ndi malire. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, ndipo pakati pa kumwa ndi kumwanso pazipita maola osachepera 4. "Do not exceed" ndiye kuti musapyole muyezo. Kupyola kumaononga chiwindi, ndipo munthu samva msanga kuti wadzipweteka.

Inu alimi a tomato, kabichi ndi kachewere, yang'anani mzere wa utoto umene uli m'munsi mwa pepala la mankhwala opopera. Wofiira ndi woopsa koposa, kenaka wachikasu, kenaka wabuluu, ndipo wobiriwira ndi wocheperako mphamvu ngakhale nawo ndi poizoni ndithu. Funaninso mau akuti "pre-harvest interval" kapena "withholding period". Nambala imene ili pambali pake ndi masiku oti mudikire mutapopera musanathyole. Wopopera lero n'kukagulitsa mawa akudyetsa poizoni ana a anzake, ndipo ake omwe amadya tomato wa m'dimba lomwelo. Chigubu cha mankhwala chikatha, chibooleni, musasungiremo madzi, mchere kapena mafuta ophikira.

Yesani nokha

Nayi ndime yaifupi yonga imene mungaipeze pa kapaketi ka mchere ndi shuga wa otsekula m'mimba, kotchedwa ORS kapena Thanzi, komwe m'zipatala zathu amalemba SRO:

"Dissolve one sachet in one litre of clean water. Give small sips often. Throw away any solution left after 24 hours."

Musathamangire kumasulira mau aliwonse. Yambani ndi amene mukuwadziwa. "Dissolve" ndi "dissolver", "litre" ndi "litro", "solution" ndi "solução", "hours" ndi "horas". Tsopano funsani: mapaketi angati? Limodzi. Madzi ochuluka bwanji? Lita imodzi, ndiye kuti mabotolo awiri a 500 ml. Madzi otani? Aukhondo. Amwe bwanji? Pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Nanga otsala? Atayidwe pakatha maola 24. Mwaona kuti ndi mau ochepa chabe achilendo, mwapeza zonse zofunika. Ndipo muyezo wa madziwo si wongolembera: madzi akachepa mchere umachuluka, ndipo mwana wodwala kale uja amaonjezekera vuto.

Aphunzitsi alipo kale m'mudzi

Wina angafunse kuti nanga atiphunzitse ndani, popeza sukulu ya akulu ya Chingerezi kulibe kuno. Abale anga, aphunzitsi tili nawo. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ena mwa ana awo adalowa sukulu za kumeneko. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, adabwerera kwao ndi Chingerezi chao m'mutu. Lero ndi abambo ndi amayi a mabanja, ena ali ndi zidzukulu. Palinso amene adagwirapo ntchito ku Zimbabwe ndi ku Joni, komanso ana athu a kusekondale amene akuphunzira Chingerezi m'kalasi.

Mabuku ake ndi amene timataya kudzala tsiku ndi tsiku: makatoni a mankhwala, timapepala topinda ta m'kati mwake, matumba a mbewu ndi a feteleza, mapepala a sopo. Za poizoni zokha musazisunge m'nyumba, koperani mau ake m'kope, musambe m'manja. Kamodzi pa sabata, mukaweruka ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku gulu la amayi, khalani pansi anthu asanu kapena khumi. Mmodzi awerenge, wina afunse mafunso asanu aja, ndipo aliyense ayankhe m'Chinyanja, chifukwa munthu amene wamvadi amatha kufotokozera agogo ake m'chilankhulo chao. Gulani kope limodzi, mugawe tsamba patatu: Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chinyanja. Mukamalemba mau 5 pa sabata, pakutha pa chaka mudzakhala ndi mau 260, okwanira kumva zambiri za pa mabotolo ndi matumba a m'nyumba. Mau amene mwasiyana maganizo pa tanthauzo lake, musawalembe mpaka mutafunsa anamwino, aphunzitsi kapena alangizi a zaulimi.

Inu amayi, musanene kuti izi n'za abambo kapena za ana asukulu. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, amene amagwira botolo ndi supuni ndinu.

Malire a kuwerenga

Kudziwa kuwerenga pepala sikusandutsa munthu dokotala. Pepala limanena muyezo, koma silingakuuzeni ngati mwana ali ndi malungo kapena chibayo, zimenezo zimafuna kuyeza ku chipatala. Mapiritsi ogulitsa pa msika atakulungidwa m'kapulasitiki, opanda dzina ndi tsiku lotha mphamvu, asiyeni pomwepo, popeza palibe chowerenga ndipo palibe womufunsa zikavuta. Chimodzimodzi mankhwala opopera othiridwa m'botolo la zakumwa.

Mukalandira mankhwala pa windo la chipatala, kaya kuno kaya mbali inayo, musachoke musanabwereze pakamwa zimene mwauzidwa: angati, kangati, masiku angati. Ngati zimene mwamva zikusiyana ndi zimene zalembedwa, funsaninso, ngakhale mzere uli wautali kumbuyo kwanu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Sabata ino, tengani botolo limodzi kapena thumba limodzi la m'nyumba mwanu, mukhale nalo pansi ndi mwana wanu wasukulu, mulifunse mafunso asanu aja.