Batire yakufa ndi phunziro la ma elementi

Ophunzira a Fomu 1 amadandaula kuti tebulo la ma elementi ndi longoloweza pamtima. Ife tikuti litengereni kunyumba, chifukwa muli nkhani yokhudza madzi amene timamwa kuno kwa Kasakula.

Elementi ndi chinthu chomwe sichingaphwanyidwe kukhala china chophweka. Mungachitenthe, kuchisungunula kapena kuchikwirira, koma sichitha. Chimangosamuka. Kompaundi ndi ma elementi olumikizana, ndipo iyo imatha kusweka. N'chifukwa chake mankhwala ambiri opopera tomato amachepa mphamvu pakapita masiku, pomwe mtovu, umene patebulo paja umalembedwa Pb pa nambala 82, umakhala m'dothi mpaka kalekale.

Mtovuwu tili nawo m'nyumba. Batire ya sola yotchajira foni, ngakhale yoyendetsa zokuzira mawu pamzikiti, mkati mwake muli mbale za mtovu zomizidwa mu asidi wa sulphuric. Batire ikafa, ena amaiswa kuti agulitse chitsulo, asidi n'kuthira pansi. Fumbi lake limatsala pabwalo pamene ana amakwawa, ndipo mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo, mwanayo n'kumavutika m'kalasi popanda wodziwa chifukwa. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko akupezeka ndi mtovu wambiri m'magazi.

Tsopano masamu pang'ono, makolo musathawe. Bungwe la WHO limati lita imodzi ya madzi akumwa isapitirire ma mayikulogalamu 10 a mtovu. Galamu imodzi ili ndi ma mayikulogalamu 1,000,000. Ndiye kuti galamu imodzi yokha, itasungunuka, ingafikitse pa malirewo malita 100,000, omwe ndi zigubu 5,000 za malita 20. Madziwo amaoneka oyera, alibe fungo, ndipo lilime silingamve kanthu. Paja tinaphunziranso za pH: madzi okhala ndi asidi amasungunula mtovu msanga, choncho asidi wa m'batire akathiridwa pafupi ndi chitsime amathandiza chiphecho kuyenda.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo ta kolera chifukwa tizilomboto ndi tamoyo. Mtovu si wamoyo. Mukawiritsa, madzi ena amauluka ngati nthunzi, mtovu wonse n'kutsala m'madzi ochepa otsalawo, ndiye kuchuluka kwake pa lita kumakwera.

Tikupempha a komiti ya mzikiti ndi makolo kuti batire yakufa isaswedwe, isatenthedwe, isaponyedwe m'chimbudzi kapena m'dimba. Isungidwe yathunthu pamalo ouma, potalikira ana, ndipo pogula ina mufunse wogulitsa ngati angalandire yakaleyo. Ophunzira, sabata ino werengani mabatire akufa amene ali pakhomo panu, mudzabwere ndi chiwerengerocho m'kalasi ya Chemistry.