Pogula Njinga Yamoto Ina: Kodi Akavalo Ambiri Ndiwo Amakwera Phiri?

Imafika nthaŵi pamene njinga yamoto imene yatumikira mwini wake zaka zambiri imayamba kutopa. M'maŵa imavuta kulira, imatulutsa utsi wabuluu, ndipo chitunda chimene kale inkakwera ndi giya yachitatu tsopano imachikwera mokwaŵa ndi giya yoyamba. Mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wa kumudzi, wogwira ntchito ya zaumoyo, ngakhalenso mnyamata wa kabaza amene banja lake limadya kuchokera pa magudumu aŵiriwo, onse amafika pa funso limodzi: kodi m'malo mwa njingayi agule yotani? Ndalama zake si zamaseŵera. Ena amasunga za zokolola za zaka ziŵiri kapena zitatu, ena amatenga ngongole imene adzabweze pogwiritsa ntchito njinga yomweyo, kotero kuti kulakwitsa posankha kumam'tsata munthu masiku ambiri.

Ku sitolo wogulitsa amatulutsa kapepala kodzaza ndi manambala. Nambala imene amaitchula mokweza ndi ya akavalo, imene m'Chingerezi imatchedwa horsepower: iyi ili ndi akavalo 11, iyo ili ndi 15. Pansi pake pali nambala ina imene ogula ambiri amangoilumpha, ya mphamvu yopotokola, yotchedwa torque, yoyezedwa ndi muyeso wolembedwa Nm. Tsono pambali pa iliyonse ya ziŵirizi pamakhala nambala yachitatu, yofika m'zikwi, yotsatana ndi zilembo rpm, kutanthauza maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi. Nambala yachitatuyi ndiyo imene wogula wanzeru ayenera kuiyang'anitsitsa, pakuti popanda iyo ziŵiri zinazo sizinena zambiri.

Mphamvu yopotokola aliyense anaiona ku galaja. Makaniko akakumana ndi nati yokana kumasuka, amaveka paipi ku chogwirira cha sipanala kuti chitalike, ndipo nati ija imagonja ngakhale kuti mkono wake ndi womwewo. Mphamvu yokankha kuchulukitsa ndi kutalika kwa chogwirira, ndiyo torque. Munthu wokankha ndi mphamvu yonga kulemera kwa makilogalamu 10 pa sipanala yotalika masentimita 30 amatulutsa ma Nm pafupifupi 29, pamene injini ya njinga ya 125 cc imatulutsa pafupifupi 10 okha. Apa mkono wa munthu waiposa injini. Koma mkonowo umapotokola kamodzi n'kupuma, pamene injini imapotokola kambirimbiri pa mphindi iliyonse kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa.

Pamtondo ndi pamene nkhaniyi imamveka bwino. Amayi aŵiri akukonola chimanga. Wina ali ndi munsi wolemera ndipo amaugwetsa modekha. Mnzake ali ndi munsi wopepuka koma amasinja mofulumira. Kulemera kwa kugunda kumodzi ndiko torque. Kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi ndiko rpm. Mphale imene yatuluka pofika masana ndiyo akavalo. Amayi onse aŵiri angathe kumaliza dengu lofanana pa nthaŵi yofanana, komabe wa munsi wopepuka akangochepetsa changu, chimanga sichikonokanso, pamene mnzakeyo, ngakhale asinje pang'onopang'ono, gaga amatulukabe. Choncho akavalo ndi torque si zinthu ziŵiri zolimbana monga ena amaganizira. Akavalo amabadwa kuchokera ku torque ndi liŵiro la kuzungulira.

Dzina la akavalo linachokera kwa James Watt wa ku Scotland, katswiri wa injini zoyendera nthunzi. Cha m'ma 1780, pofuna kuuza ogula kuti injini yake idzaloŵa m'malo mwa ziŵeto zingati, anaŵerengetsa kuti kavalo mmodzi amakweza mapaundi 33,000 kutalika kwa phazi limodzi pa mphindi imodzi. M'miyeso ya masiku ano ndiko kukweza makilogalamu pafupifupi 75, thumba limodzi ndi theka la chimanga, kutalika kwa mita imodzi pa sekondi iliyonse. Pamapepala ena pamalembedwa hp, ena bhp, ena PS. Kusiyana kwake n'kochepa. Pakalembedwa kW, munthu adziŵe kuti kW imodzi ndi kavalo mmodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Samu yolumikiza zonsezi ndi yaifupi: ma Nm kuchulukitsa ndi rpm, kugaŵa ndi 7,100, yankho lake ndi akavalo amene injini ikupereka pa liŵiro limenelo.

Njinga ziŵiri zopangidwa ku India zikuonetsa ntchito ya samu imeneyi. Royal Enfield Classic 350, monga inatulukira m'chaka cha 2021, ili ndi akavalo 20 pa rpm 6,100 ndi ma Nm 27 pa rpm 4,000. KTM 200 Duke, yopangidwa m'fakitale ya Bajaj pafupi ndi mzinda wa Pune, ili ndi akavalo 25 pa rpm 10,000 ndi ma Nm 19 pa rpm 8,000. Woyang'ana akavalo okha adzati yachiŵiriyo ndiyo yamphamvu, ndipo sananame. Koma pa rpm 4,000, pamene munthu woyenda modekha amasunga injini yake nthaŵi zambiri, yoyambayo ikupereka kale akavalo 15. Yachiŵiriyo pamenepo singapitirire akavalo 11, ngakhale ikanati itulutse ma Nm ake onse 19, chimene sichingatheke pa kuzungulira kochepa chotere. Akavalo ake 25 alipodi, koma ali m'khola lakutali, ndipo wokwera amawapeza pokhapokha ataizunguza injini mpaka kukuwa. Njinga ziŵirizi sizioneka kaŵirikaŵiri m'misewu ya kumudzi, koma kusiyana komweku kulipo pakati pa njinga za 125, 150 ndi 200 cc zimene zadzaza m'masitolo.

Alipo amene amati nkhani yonseyi imathera pa magiya, ndipo mbali ina akunena zoona. Magiya amachulukitsa mphamvu yopotokola pochepetsa liŵiro. Pa njinga zambiri zazing'ono, m'giya yoyamba injini imazungulira pafupifupi ka 30 kuti gudumu lakumbuyo lizungulire kamodzi, motero ma Nm 10 aja amafika ku gudumu ali pafupifupi 300. M'giya yomaliza injini imazungulira pafupifupi ka 10, ndipo ku gudumu kumafika 100 okha. N'chifukwa chake injini yodalira kuzungulira kwambiri ingathenso kukwera phiri, malinga wokwerayo atsitse giya pa nthaŵi yake. Komabe mtengo wake ulipo. Phazi silipuma posintha magiya. Poyamba ulendo ndi katundu wolemera, dzanja limakakamizika kugwira kilatchi theka kwa nthaŵi yaitali, ndipo mbale zake zimapsa msanga. Injini yozizira ndi mphepo ikamazungulira kwambiri njinga ikuyenda pang'onopang'ono imatentha, pakuti mphepo yoiziziritsa ndi yochepa. Ndiponso m'matope, mphamvu yobwera modzidzimutsa imachititsa tayala lakumbuyo kuzungulira pamalo amodzi kapena kuterereka, pamene mphamvu yobwera mwakachetechete imalola tayala kugwira nthaka.

Tsono funso loyamba si lakuti njinga yamphamvu ndi iti, koma lakuti njinga yakaleyo inkagwira ntchito yanji, ndiponso kuti. Munthu wokwera msewu wa Golodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, kapena wochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, kapenanso wochokera ku Golomoti kuloŵa m'mapiri a ku Dedza, amatuluka m'kona iliyonse ali pa liŵiro lochepa, chitunda chili patsogolo pake. Wakabaza amaima ndi kunyamuka kosaŵerengeka pa tsiku limodzi. Onseŵa amathera nthaŵi yawo yambiri injini ikuzungulira pakati pa rpm 3,000 ndi 5,000, ndipo njinga yowayenera ndi imene torque yake yaikulu yalembedwa pa rpm yotsika. Pa njinga ziŵiri za ma Nm ofanana, imene imawapereka pa rpm 5,000 idzam'tumikira bwino munthu wotere kuposa imene imawapereka pa 7,500.

Katundu nayenso ali ndi mawu ake. Njinga yolemera makilogalamu 120 yokhala ndi wokwera wa makilogalamu 65, ngati ili ndi akavalo 12, kavalo aliyense akukoka makilogalamu 15. Pakakwera munthu wachiŵiri ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, zonse zimakwana 300, ndipo kavalo aliyense tsopano akukoka 25. Ndiye pali kukwera kwa dziko. Injini imapuma mpweya monga munthu, ndipo kumapiri mpweya ndi wopepuka, kotero kuti pa mamita 1,000 alionse imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake. Manambala a pakapepala amaŵerengedwa ngati injini ili m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ku Nsanje, kumene dziko silifika mamita 100, mphamvuzo zimapezeka pafupifupi zonse. Ku Lilongwe, pa mamita opitirira pang'ono 1,000, zachepa kale, ndipo ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, akavalo 12 aja atsala 10.

Akavalo ambiri ali ndi malo awo. Munthu woyenda yekha maulendo aatali pa tala, monga pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, mdani wake si chitunda koma mphepo, ndipo popitirira lole yaitali amafuna mphamvu zonse zimene injini ingapereke pamwamba. Koma asayembekezere zodabwitsa. Mphamvu yofunika pogonjetsa mphepo imakwera mofulumira kwambiri: kuŵirikiza liŵiro kaŵiri kumafuna mphamvu yoŵirikiza ka 8. Njinga ya akavalo 12 ikamafika makilomita 100 pa ola, ina yofanana nayo ya akavalo 15 idzafika pafupifupi 108 basi.

Opanga njinga anaphunzira zimenezi kalekale. M'chaka cha 1974 akatswiri a Honda anayendera maiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan, napeza njinga zikunyamula banja lonse pamodzi ndi katundu wa kumsika, oilo wosasinthidwa mpaka kusanduka phala. Zotsatira zake zinali CG125 ya m'chaka cha 1975, ya injini yosavuta kukonza, yopangidwira kupirira osati mpikisano; injini zambiri za njinga zotsika mtengo zochokera ku China zimatsanzira mapangidwe ake. Yamaha AG200, ya 196 cc, inapangidwira alimi a ziŵeto a ku Australia ndi New Zealand. Giya yake yoyamba ndi yotsika kwambiri, tcheni chake n'chophimbidwa kuti fumbi ndi matope zisachidye, ndipo akavalo ake sangam'sangalatse mnyamata wokonda liŵiro. Komabe mabungwe a zaumoyo ndi a chitukuko m'maiko ambiri a mu Afirika akhala akuisankha chifukwa cha zomwezo.

Amene wagula kale njinga yofooka pa chitunda asataye mtima msanga. Kuika sipuloketi yakumbuyo ya mano ambiri, mwachitsanzo kuchoka pa 38 kufika pa 42, kumawonjezera mphamvu yokoka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 m'giya iliyonse. Malipiro ake ndi akuti pa tala injini idzazungulira kwambiri pa liŵiro lomwelo, ndipo idzamwa petulo wochulukirapo.

Pali misampha iŵiri imene imakola makamaka munthu wosintha njinga. Woyamba ndi wakuti amayerekeza njinga yatsopano ndi yakale yotopa. Injini imene malingi ake adyeka ndi mavalavu ake sakutseka bwino yataya mphamvu zambiri, kotero kuti njinga iliyonse yatsopano, ngakhale yofooka, imamveka ngati mkango tsiku loyamba. N'kwabwino kuti makaniko ayambe wayeza njinga yakaleyo. Nthaŵi zina malingi, mavalavu ndi sefa ya mpweya zimaibwezera moyo pa mtengo wochepa zedi poyerekeza ndi wa njinga ina. Msampha wachiŵiri ndi nambala yomatidwa pambali pa thanki. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere: si nthaŵi zonse pamene 150 kapena 200 ya pa chomata imafanana ndi kukula kwenikweni kwa injini. Pa injini zambiri kukula kwake kumadindidwa pa chitsulo m'munsi mwa silinda, ndipo wogula aŵerame aŵerenge pamenepo. Afunsenso ngati pisitoni, mbale za kilatchi ndi tcheni cha njingayo zimapezeka pa boma la kwawo, osati mumzinda mokha.

Kapepala kakaŵerengedwa, chotsala ndi kuyesa, ndipo kuyesa pabwalo losalala la kutsogolo kwa sitolo sikuonetsa kanthu. Wogula apemphe kupita nayo pa chitunda, atanyamula mnzake wolemera ngati katundu amene amanyamula masiku onse. Aike giya yachiŵiri, achepetse liŵiro mpaka lifanane ndi la munthu wothamanga pang'ono, kenaka awonjezere moto osagwira kilatchi. Injini ya mphamvu yabwino pansi imanyamuka mosadodoma. Ina imagogoda ndi kunjenjemera, ndipo pamenepo atsitse giya msanga, pakuti kuikakamiza kumawononga mabering'i. Pakati pa chitundacho aime ndithu, aponde pansi, anyamukenso ndi giya yoyamba, akumvetsera kuti dzanja lake lagwira kilatchi theka kwa nthaŵi yaitali bwanji njinga isanayambe kuyenda yokha.