Musayambe ndi silinda

Achinyamata a ku Mandimba, ku Massangulo ndi ku Cuamba akamva kuti ndimaphunzitsa anthu kubira pansi pa madzi, funso lawo limakhala limodzi: "Aphunzitsi, botolo la okosijeni lija tingaligule kuti?" Ena aona pa Facebook alendo akusambira pakati pa nsomba za mbuna. Ena amva kuti malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amalemba anyamata odziwa ntchitoyi. Ena ndi asodzi amene atopa ndi kudula ukonde ukakodwa pamwala. Onsewa ndimawayankha mofanana: silinda ndi chinthu chomalizira kugula, ndipo mwina simudzaigula n'komwe.

M'silindamo mulibenso okosijeni yekhayekha. Muli mpweya womwewu tikupumawu, wokhala ndi okosijeni magawo 21 pa 100 alionse, wotsalawo pafupifupi wonse n'kukhala nayitrojeni. Kompresa yangoupanikiza kuti ukwane wambiri pamalo ochepa. Okosijeni wa kuchipatala kapena wa owotcherera zitsulo ndi woopsa kwa wobira: ukaupuma utapitirira mamita 6 ukhoza kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, chopumira n'kuchoka pakamwa.

Dziwani kaye kumene mudzabireko, chifukwa madzi ndiwo amalamula zida. Amaramba ndi Chiuta zili pafupi, inde, koma ndi nyanja zosaya, zamatope ndi mabango, ndipo eni ake ndi mvuu ndi ng'ona. Madzi oyera oti munthu n'kuona patali ali kunyanja yaikulu, ku Meponda, ku Metangula, ku Cóbuè. Sukulu zodziwika zophunzitsa kubira zili tsidya la Malawi, ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear komwe kuli m'dera la Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Wa ku Mandimba angodutsa pa Chiponde, n'kutsetsereka kudzera ku Namwera mpaka ku Mangochi. Wa ku Cuamba alinso ndi mwayi wa sitima ya pamtunda yopita ku Nampula, kenako ku Nacala, kunyanja yamchere. Maphunziro oyamba a PADI kapena SSI amatenga masiku atatu kapena anayi, zida zonse zimakhala za sukulu, ndipo satifiketi yake imakulolani kufika mamita 18. Ndalama yanu yoyamba ipite kumeneko.

Mukamaliza maphunziro, gulani masiki. Ichi chokha ndimaumirira kuti munthu akhale nacho chakechake, popeza nkhope sizifanana. Masiki yabwino imakhala ndi galasi lolembedwa kuti "tempered", lomwe likasweka limangonyenyeka osatulutsa mapande akuthwa, komanso labala wofewa wa silikoni m'mbali. Kuiyesa n'kosavuta. Iikeni pankhope osavala lamba wake, chotsani tsitsi pachipumi, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, kenako chotsani dzanja. Ikakakamira, ndi yanu. Ikagwa, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani. Abambo a ndevu za pamlomo, madzi amalowera pamenepo, ndiye metani pang'ono pansi pa mphuno. Magalasi a osambira padamu, aja osaphimba mphuno, sathandiza pano. Mukamatsika madzi amakanikiza masiki pankhope, ndipo mumafunika kupumiramo pang'ono ndi mphuno. Popanda kutero mumavuuka maso ali psuu ngati mwamenyedwa. Mufunikanso kutha kutsina mphuno muli chivalire, kuti muzitsekula makutu potsika.

Masiki yatsopano imachita nthunzi. Pakani mankhwala otsukira mano mkati mwa galasi, tsukani, bwerezani kangapo. Tsiku lobira, malovu amakwanira.

Zipsepse zovala kumapazi sizifuna nkhani yaitali. M'madzi ofunda ngati athu, zolowetsa phazi lonse ndi zokwanira, bola zisafinye zala. Kumene mumalowera pamiyala, tengani zomangira kuchidendene muzivala ndi nsapato za labala.

Suti ya labala anthu amaiderera. Amati nyanja yathu ndi yofunda, ndipo n'zoona kuti pamwamba madzi amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29. Koma madzi amachotsa kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20, moti m'miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, ndimaona anyamata amphamvu akuvuuka mano akugwedera. Suti yochindikala mamilimita 3 imakwanira miyezi yambiri, ndipo ozizidwa msanga atenge ya 5. Imeneyi mukaipeza pa kaunjika, kapena kuti calamidade monga timanenera pamsika wa Cuamba, gulani osadandaula. Onani zipi, onani m'khwapa, kokani labala muone ngati sanaume. Iyenera kugwira thupi. Yokhwepa imangolowetsa ndi kutulutsa madzi ozizira.

Suti imayandamitsa, n'chifukwa chake timavala lamba wa mtovu. Kulakwitsa kwa oyamba ndi kusenza mtovu wambiri poopa kuti sangatsike. Muyeso wake ndi uwu: jekete la mpweya litaphwa, mutagwira mpweya wapakatikati m'chifuwa, madzi azilekeza m'maso. Amene munaphunzirira ku Nacala, mukafika ku Meponda chotsaniko makilogalamu pafupifupi awiri, chifukwa madzi opanda mchere sanyamula munthu ngati amchere. Ndipo lambayo azimasuka ndi dzanja limodzi.

Tsopano zida zimene moyo wanu umadalira: regyuleta, jekete la mpweya lomwe timalitcha BCD, ndi silinda. Izi bwerekani kusukulu kapena kumalo obirira mpaka mutazolowera. Regyuleta, yomwe Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga mu 1943, imatsitsa mphamvu ya mpweya wa m'silinda kuti ifanane ndi ya madzi okuzungulirani. Mkati mwake muli timphete ta labala ndi tizitsulo tating'ono tomwe timatha mwakachetechete. Kunja ikhoza kuwala mbee, mkati itaola. Imafuna mmisiri wophunzitsidwa komanso zipangizo za kampani yomwe inaipanga, ndipo mmisiri wotere sapezeka pamsika wa boma lililonse. Ya pa kaunjika ayi ndithu. Pali ngakhale mitundu iwiri ya polumikizira, DIN ndi yoke, moti mukhoza kugula regyuleta n'kupeza kuti sikulowa pa silinda za kumene mukupita.

Silinda nayo, mukaigula mudzaidzazira kuti? Imafuna kuunikidwa mkati chaka ndi chaka, ndi kuyesedwa mphamvu pakatha zaka zinayi kapena zisanu malinga ndi dziko, ndipo tsiku lake limadindidwa paphewa pake. Tiwerengeko pang'ono. Silinda ya malita 12 itadzazidwa kufika mabaa 200 imakhala ndi mpweya wa malita 2,400. Timasiya mabaa 50 osakhudza, ndiye otsala ndi malita 1,800. Woyamba kumene amapuma malita pafupifupi 20 pa mphindi ali pamtunda, koma pa mamita 20 amapuma katatu kuchuluka kwake, malita 60. Mphindi 30 basi, mpweya watha. Chitsulo cholemera chonchi, kuchikweza pa chapa kuchokera ku Ngauma chifukwa cha theka la ola!

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nzeru ina imene ndinaiona padoko lina: kompresa yopopera matayala ili m'boti, paipi ya kudimba itatsikira kwa mnyamata womasula ukonde pansi. Njira ya paipi ilipodi, ndipo ogwira nsomba zokongola zotumiza kunja amaigwiritsa ntchito, koma imafuna kompresa yopangidwira kupuma, yokhala ndi zosefera, yokoka mpweya kutali ndi utsi wa injini. Ya matayala imatumiza oilo m'mapapo, pamodzi ndi carbon monoxide amene sanunkha, ndipo munthu amangokomoka osadziwa. Palinso china. Msodzi wobira ndi mpweya wake wa pamtunda akhoza kuugwira potsika ndi pokwera, palibe vuto. Koma wopuma wa m'paipi kapena wa m'silinda pa mamita 10, akaugwira pokwera, umafufuma kuwirikiza kawiri n'kung'amba mapapo. Lamulo loyamba la ntchito yathu ndi kupuma osalekeza.

Ngati ndalama yatsalako, gulani kompyuta ya pamkono musanaganize za regyuleta. Imawerengera nayitrojeni amene thupi likumwa mukakhala pansi. Mukakwera mothamanga, nayitrojeniyo amachita thovu m'magazi monga Fanta ikatsekulidwa itakhutchumulidwa, ndipo zotsatira zake ndi kuphwanya kwa mfundo, dzanzi, mwinanso kufa ziwalo. N'chifukwa chake timakwera mamita 9 kapena 10 pa mphindi, n'kuima mphindi zitatu pa mamita 5. Onetsetsani kuti kompyutayo ikhoza kuikidwa pa madzi opanda mchere ndi pa malo okwera, popeza nyanja yathu ili mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kupitirira mamita 300 kawerengedwe kamasintha. Batire lake likhale loti mukhoza kusintha nokha.

Kompyutayo ikadzalemba kachizindikiro ka ndege mutavuuka, musadzaseke kuti inu simukwera ndege. Ife a kum'mwera kwa Niassa, njira iliyonse yobwerera kwathu ndi chitunda. Lichinga ili pamwamba kupitirira mamita 1,300, ndiye wochokera ku Meponda kapena ku Metangula amakwera mamita oposa 800 m'maola ochepa. Wochokera ku Mangochi nayenso amakwera mapiri a ku Namwera asanafike pa Chiponde. Mpweya ukapepuka pamwambapo, nayitrojeni wotsala m'thupi akhoza kuchita thovu muli m'galimoto. Chipinda chapadera chochizira matendawa mulibe m'zipatala za m'maboma athu ano, ndipo odwala amathamangitsidwira kutali ngati ku South Africa. Okwera ndege amauzidwa kudikira maola 12 akabira kamodzi, ndi maola 18 akabira kangapo kapena masiku otsatizana. Ophunzira anga ndimawauza kuti atsate zomwezo pa mapiri athu. Mukabira Loweruka masana, gonani kunyanja komweko, mudzakwere chapa ya Lamulungu.