Masewera Ofuna Kusintha Dziko: Kodi Osewera Ali Ndi Mawu?

Foni ya m'manja yalowa m'makomo ambiri, kuyambira ku Nkhotakota, Salima, Mangochi mpaka kumapiri a ku Ntcheu. Makolo tikaona mwana wawerama pa foni timangoti akutaya nthawi. Koma nthawi zina mwana amayankha kuti, "Ayi bambo, masewera awa ndi othandiza anthu ovutika." Kodi pamenepa kholo linene chiyani? Mwanayo mwina sakunama. Alipo ndithu masewera a pa intaneti amene mabungwe akuluakulu anakonza kuti athandize kuthetsa njala, adziwitse dziko za nkhondo, kapena aphunzitse achinyamata kutukula kwawo. Komabe masewera otere akhala akudzudzulidwa kwambiri, ndipo ena mwa odzudzulawo ndi osewera eni ake. Tiyeni tione chimene chinavuta, ndiponso phunziro limene boma la Ntcheu lingatipatse pa nkhaniyi.

Njere khumi za mpunga

Masewera odziwika bwino a mtundu umenewu ndi Freerice, amene munthu wina wa ku America dzina lake John Breen anayambitsa mu 2007, ndipo mu 2009 anawapereka kwa bungwe la chakudya la World Food Programme. Kasewero kake nkosavuta. Wosewera amafunsidwa funso, mwachitsanzo tanthauzo la liwu la Chingerezi kapena samu. Akayankha molondola, makampani othandiza amapereka ndalama zofanana ndi mtengo wa njere khumi za mpunga kuti zikagule chakudya cha anthu anjala. Osewera amatha kupanga magulu, monga a sukulu imodzi, nkumapikisana kuti aone gulu limene lasonkhanitsa njere zambiri.

Ife a m'mbali mwa nyanja mpunga timaudziwa. Kilogalamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 40,000. Ndiye kuti munthu ayankhe molondola mafunso oposa 4,000 kuti apeze kilogalamu imodzi yokha. Odzudzula amati apa munthu amadzimva kuti wachita chachikulu pamene wachita chochepa. Oikira kumbuyo masewerawa amati osewera ndi ochuluka, ndipo njere zawo zikaphatikizidwa zimadzaza matumba, komanso mwana amaphunzirapo mawu atsopano. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Koma kwa banja la kuno pali funso lina: kodi ndalama yogulira mayunitsi kuti mwana ayankhe mafunso 4,000 siikanagula mpunga weniweni woti nkupatsa mayi wamasiye wa pafupi?

Kusewera ngati wothawa nkhondo

Mu 2006 ophunzira a pa University of Southern California, motsogozedwa ndi Susana Ruiz, anakonza masewera otchedwa Darfur is Dying, onena za nkhondo ya kumadzulo kwa dziko la Sudan. Wosewera amasankha munthu mmodzi wa m'banja lothawa nkhondo, mayi kapena mwana, nkumutuma kukatunga madzi m'chipululu kwinaku akubisalira zigawenga za Janjaweed. Akagwidwa, pamatuluka mawu ofotokoza zimene zimachitikira munthu wotero, kenaka wosewera amasankha wina nkupitiriza. M'miyezi yochepa anthu oposa 800,000 anali atasewera, ndipo ambiri anamva koyamba dzina la Darfur kudzera m'masewerawa.

Koma ena anati nzosayenera kusandutsa misozi ya anthu kukhala chosangalatsa cha anyamata a m'maiko olemera. Ena anadandaula kuti masewerawa amaonetsa kuvutika kokha popanda kufotokoza mokwanira gwero la nkhondoyo.

Anthu a ku Ntcheu angamvetse dandaulo limeneli kuposa ambiri. Msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu zikwizikwi ochokera ku Angonia ndi madera ena a m'chigawo cha Tete anaoloka malirewo kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ambiri anakhala m'midzi pakati pa abale awo Achingoni ndi Achichewa, kugawana nawo zitsime, nkhuni ndi malo. Dziko lathu linasunga othawa nkhondo okwana pafupifupi miliyoni imodzi mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Agogo amene anaona zimenezi amadziwa kuti mwana akatayika pothawa, palibe batani losankhira wina. Masewera angatsegule maso, koma mwini nkhani ndi amene anaikhala.

Osewera atatsegula pakamwa

Chitsanzo chachikulu cha kusamvana pakati pa okonza ndi osewera ndi masewera a Evoke, amene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inatulutsa mu Malichi 2010 mothandizidwa ndi katswiri wokonza masewera, Jane McGonigal. Anachitika kwa milungu khumi ndipo kwenikweni anakonzera achinyamata a mu Africa. Mlungu uliwonse kumatuluka nthano ya zithunzi yonena za vuto lina, monga njala, madzi kapena magetsi. Osewera amayenera kufufuza za vutolo, kuchitapo kanthu kwawo, nkutumiza umboni wa zolemba, zithunzi kapena kanema, ndipo anzawo amawapatsa mapointi. Anthu oposa 19,000 a m'maiko oposa 150 analembetsa, ndipo opambana ena anaitanidwa ku Washington.

Okonza anafuna gulu la achinyamata okambirana, ndipo analipezadi. Koma gulu likayamba kukambirana silikambirana zokhazo zimene mwini bwalo akufuna. Kunabuka mafunso akuti, kodi banki imene yakhala ikulangiza maboma athu kwa zaka zambiri ingatiphunzitse za umphawi osatchulako mbali yake? Anthu ena anafika pokonza masewera onyoza otchedwa Invoke, otengera maonekedwe a Evoke koma odzudzula banki ija. Mu 2013 mphunzitsi wa pa Concordia University ku Canada, David Waddington, analemba kafukufuku wodzudzula Evoke chifukwa chokankhira osewera ku yankho la mtundu umodzi, loti munthu ayambe kabizinesi kothandiza anthu, pamene udindo wa boma ukuchepetsedwa.

Mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Tsangano kapena wa kabichi wa ku Lizulu safuna womasulira pamenepa. Iye amakumbukira kuti kuyambira mu 1981 Malawi analowa m'ndondomeko zokonzanso chuma mothandizidwa ndi banki yomweyi pamodzi ndi IMF, kuti mu 1987 malonda a mbewu anatsegulidwa kwa amalonda wamba ndipo misika ina ya ADMARC inatsekedwa, ndiponso kuti pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 feteleza wotsika mtengo anali atachotsedwa. Kaya mfundozo zinali zabwino kapena ayi, akatswiri amatsutsanabe. Koma masewera onena za njala amene sapatsa mpata funso lotere ali ngati mlandu woweruzidwa mboni yaikulu ili panja. Onjezanipo kuti Evoke anali m'Chingerezi ndipo amafuna intaneti yodalirika, zinthu zimene mnyamata wa ku Kasinje kapena Bilira sakanazipeza mosavuta mu 2010. Amene masewerawa amanena za iwo ndi amene anali kutali kwambiri ndi bwalo.

Chigudumu cha ana ndi mjigo wa ku Livulezi

Maganizo akuti kusewera kungathetse umphawi anafikanso kuno kwathu popanda intaneti. Ena mwa awerengi athu akukumbukira PlayPump, chigudumu chopentedwa bwino chimene ana amakwera ndi kuzunguza, ndipo chikamazungulira chimapopa madzi kupita mu thanki ya pamwamba. Chinachokera ku South Africa, ndipo mu 2006 mayi Laura Bush, mkazi wa pulezidenti wa America wa nthawi imeneyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni. Cholinga chinali kuika zigudumu 4,000 zothandiza anthu 10 miliyoni pofika 2010. Zina zinaikidwa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Pa zithunzi zinali zokongola. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana amasewera akafuna, ndipo amatopa. Madzi amafunika mbandakucha, ana ali m'tulo kapena akukonzekera sukulu. Choncho amayi, ngakhale okalamba, ndi amene amazunguza chigudumu cholemera ndi manja. Chikaonongeka anthu a m'mudzi sankatha kuchikonza okha, ndipo malo ena chinaikidwa pochotsa mjigo umene unkagwira ntchito, eni mudzi osafunsidwa. Mtengo wa chimodzi unali pafupifupi madola 14,000, ndalama zogulira mijigo wamba ingapo. Mu 2009 nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inawerengera kuti, pofuna kukwaniritsa lonjezo lija, ana akanayenera kusewera maola 27 pa tsiku! Mu 2010 bungwe la PlayPumps International linatseka ntchito zake.

Tsono yerekezani ndi zimene zinachitika m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kumeneko kunali ntchito yokumba zitsime imene inayesa mjigo watsopano wotchedwa Maldev, ndi mfundo yakuti mjigo uzikonzedwa ndi eni mudzi. Akatswiri ankaona mmene anthu akuugwiritsira ntchito, zimene zikutha msanga ndi zimene zikuvuta, nkumasintha. Ntchitoyi inapitirizidwa ku Kenya, ndipo pamapeto pake kunabadwa mjigo wa Afridev, womwe uja timauona m'midzi yambiri ya kuno ndi m'maiko ena a mu Africa. Komiti ya mjigo itha kuutsegula ndi sipanala, kutulutsa ndodo zake ndi kusintha labala yotha. Sitikunena kuti mijigo imeneyi siionongeka, kapena kuti zopereka za mwezi ndi mwezi sizivuta. Ndipo tinene chilungamo: Banki Yaikulu ya Dziko Lonse yomwe ija, pamodzi ndi UNDP, inathandiza nawo ntchito yoyesa mijigoyi. Kusiyana sikunali pa dzina la bungwe ayi. Ku Livulezi madandaulo a ogwiritsa ntchito ndiwo anakonza mjigo. Pa chigudumu chija madandaulo anamveka ndalama zitapita kale.

Phunziro la pa bawo

Gulu la osewera si chinthu chachilendo kwa ife. Pitani pansi pa mtengo wa mango ku Mangochi kapena pa msika wa Ntcheu masana, mukapeza bawo la mabowo 32 ndi nkhomo 64. Osewera ndi awiri, koma ozungulira ndi khumi. Wina akatakata molakwa amadzudzulidwa pomwepo. Wachinyengo sabisala. Mnyamata amaphunzira poonerera akulu, ndipo pakati pa masewera pamakambidwa za mvula, mtengo wa usipa ndi maliro a m'mudzi. Palibe bungwe limene linabweretsa bawo kuti litisinthe khalidwe, koma limaphunzitsa kuwerenga, kudekha ndi kuvomereza kugonja, chifukwa eni ake ndi osewerawo.

Masewera a pa makina nawonso angapindulitse akayandikira kwa mwini. Mu 2013 bungwe la onebillion, mogwirizana ndi VSO ndi Unduna wa Maphunziro, linayesa masamu a Chichewa pa matabuleti pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo akatswiri a University of Nottingham atayeza ana anapeza kuti aphunziradi. Mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT yofalitsa matabuleti otere m'sukulu za pulayimale. Apa chilankhulo ndi cha mwana, ndipo phindu lake lingayezedwe. Komabe makolo ndi aphunzitsi asaleke kufunsa za okonza makinawa akaonongeka ndi za nthawi imene mwana aliyense amapatsidwa.

Nanga pakhomo tichite chiyani?

Mwana akanena kuti masewera ake ndi othandiza anthu, tisamulande foni msanga, komanso tisangomuombera m'manja. Tikhale naye pansi timufunse: anakonza masewerawa ndani, ndipo akupindulapo chiyani? Anthu amene akuonetsedwa mmenemo anafunsidwa, kapena angosanduka zidole? Chimene chikufika kwa wovutika weniweni nchiyani, ndipo nchochuluka bwanji poyerekeza ndi mayunitsi amene apita? Nanga wosewera akadandaula, alipo womumvera?

Tichenjezenso ana kuti asapereke dzina, chithunzi kapena nambala ya foni kwa anthu osawadziwa chifukwa chakuti masewerawo ali ndi cholinga chabwino. Ndipo ngati masewera amugwira mtima mwana pa nkhani ya njala kapena madzi, timutengere kumene nkhaniyo ili: akathandize kusesa pa mjigo, akatungire madzi agogo a pafupi, akamve kwa akulu mmene anthu a ku Mozambique analandiridwira.

Safunsa anadya phula. Mwana wofunsa mafunso pa masewera sakuononga masewerawo. Akuchita zomwe anachita anthu a ku Livulezi pamene ankauza akatswiri pomwe mjigo ukuvuta, mpaka unakhala mjigo woti mudzi nkuudalira.