Tiphunzitse Ana a Giledi 10 mpaka 12 Kusefa Nkhani za pa Foni

M'makomo ambiri ku Chimwemwe, ku Wusakile ndi ku Chamboli muno mu Kitwe, ngakhalenso ku Chifubu, ku Lubuto ndi ku Kabushi mu Ndola, amene amaidziwa bwino foni ya pakhomo ndi mwana wa ku sekondale. Ndiye amawerengera ambuye ake uthenga, ndiye amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa MoMo, ndipo nkhani yoopsa ikafika pa WhatsApp, akuluakulu amacheukira kwa iye ndi kufunsa kuti, "Kodi izi n'zoona?" Chimene mwanayo wakhulupirira, nyumba yonse imakhulupirira. N'chifukwa chake, abale ndi alongo, kuphunzitsa ana a Giledi 10 mpaka 12 kusefa nkhani ndi njira yotetezera banja lonse.

Luso limeneli bungwe la UNESCO limalitcha m'Chingerezi kuti media and information literacy. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu azitha kupeza nkhani imene akufuna, kuiyesa ngati ndi yoona, kuzindikira amene waikonza ndi chimene akufuna, ndiponso kusamala ndi zimene iye mwini akufalitsa. UNESCO inatulutsa ndondomeko yophunzitsira aphunzitsi luso limeneli mu 2011, ndipo mu 2021 bungwe la United Nations linakhazikitsa kuti sabata ya pa 24 mpaka 31 Okutobala chaka chilichonse ikhale yokumbutsana za nkhaniyi.

Ena angafunse kuti, nanga ana athu saphunzira kale za kompyuta? Amaphunzira ndithu. Phunziro la Computer Studies linalowa m'masukulu athu ndi ndondomeko ya maphunziro ya 2013, ndipo ana a Giledi 9 anayamba kulilembera mayeso mu 2015. Phunzirolo limathandiza mwana kudziwa kugwiritsa ntchito makina. Kudziwa ngati mawu otuluka m'makinawo ndi oona ndi luso lina, ndipo mwana akhoza kukhoza bwino mayeso a kompyuta koma n'kutumizabe bodza kwa anthu 200.

Zimene tinaona mu 2020

Ife a kuno ku migodi sitifunika kupita kutali kuti tione mtengo wa mphekesera. Kumayambiriro kwa 2020, nkhani za anthu opopera mankhwala okomola m'nyumba za anzawo usiku zinayambira ku Chingola ndi kufalikira ku Kitwe, ku Lusaka ndi madera ena. Madandaulo ena anafikadi ku polisi ndipo anafufuzidwa. Koma pamodzi ndi madandaulowo panayendanso zithunzi ndi mawu ojambulidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, opanda dzina la wonena, opanda tsiku, opanda malo. Anthu analeka kugona. Mlendo wosochera njira kapena munthu wonyamula chikwama madzulo anayamba kuoneka ngati mdani. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya asanaonekere pabwalo lililonse la milandu, ndipo maofesi ena a polisi anaphwanyidwa. Uthenga uliwonse umene unakoleza motowo unadutsa m'manja mwa munthu amene akanatha kuima kaye ndi kufunsa.

Mafunso anayi

Maziko a phunziroli ndi mafunso anayi amene mwana ayenera kuwazolowera mpaka azibwera okha.

Loyamba: wanena ndani? Nkhani yochokera ku ZNBC, ku Times of Zambia imene likulu lake lili ku Ndola, kapena ku Radio Icengelo ya ku Kitwe, ili ndi mtolankhani amene ali ndi dzina, mkonzi amene anaiona isanatuluke, ndi ofesi imene mungapiteko kukadandaula. Nawonso amalakwitsa, koma pali woti ayankhe. Mawu ojambulidwa oyamba ndi kuti "mlamu wanga amagwira ku polisi" alibe woyankha. Aphunzitseni ananu kuona timivi tiwiri timene WhatsApp imaika pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri. Kuyambira mu Epulo 2020, uthenga wotere umatumizika ku gulu limodzi kapena munthu mmodzi pa nthawi imodzi, chifukwa eni ake a WhatsApp anaona kuti mabodza amayenda kwambiri mwa njira imeneyi.

Lachiwiri: zachitika liti, ndipo kuti? Mabodza ambiri amakwera pa chithunzi chenicheni cha malo ena kapena cha chaka china. Mwana aone manambala a magalimoto, chilankhulo cha pa zikwangwani, mayunifomu a apolisi, ngakhalenso nyengo. Ngati akuti zachitika dzulo mu Okutobala koma udzu uli wobiriwira ndipo pansi pali matope, pali chokayikitsa. Amene ali ndi intaneti angaike chithunzicho pa Google Lens ndi kuona kumene chinaonekera kale. Masiku ano kulinso mapulogalamu a AI otha kupanga chithunzi kapena kutsanzira mawu a munthu wodziwika, choncho kumva mawu a mtsogoleri pa foni si umboni wokwanira wakuti iye analankhuladi.

Lachitatu: wotumizayo akufuna chiyani? Ena akufuna ndalama. Tonse timaudziwa uthenga wakuti ndalama zija tumizani pa nambala iyi, kapena munthu woimba foni ngati wa ku kampani n'kumapempha PIN. Kampani ya foni sipempha PIN kwa munthu. Bungwe la ZICTA linakonza nambala ya *707# yonenera manambala a anthu achinyengo otere. Ana a Giledi 12 ali ndi msampha wawowawo, wa anthu ogulitsa mapepala amene amati ndi a mayeso obwera. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso dziko lonse pepala lina litafalikira pa intaneti lisanalembedwe, ndipo ana osalakwa anavutikira limodzi ndi olakwa. Wogula mapepala otere amataya ndalama, ndipo akagwidwa amataya zotsatira zake. Ena otumiza nkhani akufuna voti, ena akufuna kutchuka. Ndi bwinonso ana adziwe kuti Facebook ndi TikTok zimapeza ndalama mwa kuonetsa malonda, motero zimapindula munthu akakhalitsa pa foni. Nkhani yokwiyitsa kapena yoopsa imagwira munthu nthawi yaitali kuposa nkhani yofatsa, n'chifukwa chake imaonekera kawirikawiri. Uthenga ukamakufulumizani kuti tumizani msanga kwa onse amene mumawakonda, pomwepo ndi poyenera kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachinayi: ndani winanso akutsimikizira? Funso ili limavuta pamene magwero odziwika akutsutsana, ndipo chitsanzo chake tili nacho pafupi. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi linaphulika, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo a Nkana Water anatseka madzi a mu Kitwe kwa masiku angapo. Malipoti oyamba anati malita okwana 50 miliyoni ndiwo anatayika, koma kampani ina imene inafufuza pambuyo pake inati zinali zochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Mu Ogasiti chaka chomwecho ofesi ya kazembe wa America inachotsa antchito ake mu Kitwe ponena kuti malowo ndi oopsa, pamene boma linati madzi abwerera mwakale. Mwana wophunzitsidwa bwino amaika mawu onsewa pambalipambali ndi kufunsa kuti: anayeza ndani? Anatunga madziwo pati, ndipo tsiku liti? Anayeza kuwawa kwa asidi kokha, kapena anayezanso zitsulo zotsalira m'madzi ndi m'nthaka? Wolankhulayo ataya chiyani zoona zikadziwika? Pa nkhani zina angaonenso kwa a iVerify Zambia, amene anayamba ntchito yofufuza mphekesera mu 2021 pansi pa bungwe la Panos Institute Southern Africa.

Chimene mwana amatumiza yekha

Theka lina la phunziroli likukhudza zala za mwana mwini. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo pa intaneti mlomo umatsata munthu zaka zambiri. Chipongwe cholembedwa lero chikhoza kuwerengedwa ndi wolemba ntchito mwanayo atamaliza ku Copperbelt University. Pali ndi lamulo. Mu Epulo 2025 dziko lathu linakhala ndi malamulo atsopano awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, m'malo mwa lamulo la 2021. Kuzunza mnzako pa intaneti ndi mlandu, ndipo kusunga kapena kutumiza chithunzi chamaliseche cha mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu waukulu, ngakhale wotumizayo ali mnzake wa m'kalasi. Mwana amene akuopsezedwa ndi chithunzi chake angaimbe 116, nambala yaulere ya Childline.

Ana adziwenso ufulu wawo. Maloya ndi atolankhani ambiri adandaula kuti mbali zina za malamulo atsopanowa zikhoza kutseka anthu pakamwa. Pa tsiku la chisankho, 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita ku High Court. Mu Disembala 2023 lamulo la Access to Information linasainidwa, lopatsa nzika mphamvu yopempha nkhani ku maofesi a boma. Ana ambiri a Giledi 12 akwanitsa zaka 18 kapena ali pafupi, kutanthauza kuti ndi ovota, ndipo wovota ayenera kudziwa kufunsa mwaulemu ndi mopanda mantha.

Tingaphunzitse bwanji

Sipafunika chipinda cha makompyuta. Foni imodzi, nyuzipepala ziwiri ndi bolodi n'zokwanira. Mphunzitsi wa Civic Education, wa Chingerezi kapena wa mbiri yakale akhoza kupatula mphindi 15 pa sabata. Popeza masukulu ambiri salola mafoni m'kalasi, msonkhano wa achinyamata wa Loweruka ku tchalitchi ndi malo abwino ochitira zimene kusukulu sizingatheke. Mwana aliyense abweretse uthenga umodzi umene unafika pakhomo sabata imeneyo, atachotsa dzina la wotumiza. M'magulu a asanu auyese ndi mafunso anayi aja, kenaka anene ngati ndi woona, wabodza, kapena wosatsimikizika. Yankho lachitatuli azilolera kulipereka, chifukwa kunena kuti "sitinadziwebe" nakonso ndi nzeru. Sabata ina ayerekeze mmene ZNBC, Times of Zambia ndi News Diggers zalembera nkhani imodzi. Sabata inanso alembe okha lipoti la mpira wa m'komboni, kuti aone kuvuta kwa kulemba dzina, tsiku ndi chiwerengero molondola.

Tisamale kuti tisalere ana onyoza chilichonse. Amene amati onse ndi abodza amanyengeka mosavuta mofanana ndi wokhulupirira zonse, pakuti pa tsiku la kolera adzakananso chenjezo loona la a zaumoyo.

Ntchitoyi si yachilendo kwa mipingo ya kuno. Ku Mindolo, mu Kitwe, Africa Literature Centre inayamba mu 1959 kuphunzitsa olemba ndi atolankhani ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa. Ndipo lamulo loletsa kuchitira mnzako umboni wonama limagwira munthu wodina potumizira mofanana ndi munthu wolankhula pabwalo.

Inu makolo ndi akulu a mpingo, mbali yanu ndi yolemera kuposa ya mphunzitsi. Mwana akaphunzira zimenezi, tsiku lina adzakuuzani kuti, "Atate, ndingayambe ndauona uthengawu musanautumize ku gulu la chigawo?" Muloleni, ndipo mumuyamikire pamaso pa abale ake. Akadzudzulidwa kuti ndi wamwano, sadzayesanso. Atsogoleri a achinyamata akumbukire kuti sabata ya pa 24 mpaka 31 Okutobala imagwa m'nyengo ya mayeso, pamene a Giledi 12 alibe mpata. Ikani phunziroli pa ndondomeko ya temu yoyamba, ndipo pofika Okutobala a Giledi 10 ndi 11 ndiwo aime kutsogolo kwa mpingo ndi kuphunzitsa makolo awo mafunso anayi aja.