Ndudu yogulitsidwa imodziimodzi ndiyo ikukola ana ku Lungwena

Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, patatha zaka 20 panganolo litakhazikitsidwa. Gawo 13 la panganoli limapatsa dziko zaka zisanu kuti liletse kutsatsa fodya wosuta, kuphatikizapo kuthandiza masewera m'dzina la fodya, ndipo gawo 16 likuti ana asamagulitsidwe fodya komanso maboma ayesetse kuthetsa malonda a ndudu imodziimodzi. Zaka zisanuzo zikutha mu 2028. Malamulo a fodya amene tili nawo, omwe amayendetsedwa ndi Tobacco Commission, maso awo ali pa ulimi ndi msika wa fodya wamasamba. Lamulo loteteza mwana kwa wogulitsa ndudu ndi limene likufunika tsopano, ndipo olilemba ayambe aona mmene fodya amafikira ana m'malo ngati Lungwena, m'boma la Mangochi.

M'midzi ya asodzi, fodya sadalira zikwangwani. Amadzitsatsa yekha m'maokala, pashelufu pomwe pali maswiti ndi mabisiketi. Paketi yathunthu ndi yodula kwa mnyamata wa pulaimale, koma ndudu imodzi angaigule ndi ndalama yomwe wapatsidwa atathandiza kunyamula usipa padoko, ndipo chenjezo lililonse lolembedwa papaketi limatsala m'manja mwa wogulitsa. Njira ina ndi mpira. Timu ya Big Bullets ili m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, kampani yopanga ndudu ku Blantyre, choncho dzina la Nyasa limamveka pa wailesi nyengo yonse ya ligi, m'makutu mwa ana omwe sadaonepo chikwangwani cha fodya.

Kunyanja kuli bodza lotopetsa lakuti ndudu imatenthetsa thupi usiku mphepo ya mwera ikamaomba. Zoona zake n'zosiyana kwambiri: chikonga chimafinya timitsempha tamagazi tapakhungu, magazi ofika kuzala amachepa ndipo manja amazizira kuposa kale. Chimene wosutayo amatcha kufunda chimachitikira mu ubongo. Utsi ukangofika m'mapapo, chikonga chimalowa m'magazi n'kufika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Kumeneko chimamatirira pa timalo tomwe maselo amalandirirapo uthenga, ndipo ubongo umatulutsa dopamini, amene amapatsa munthu kachisangalalo kosakhalitsa. Akamasutabe, ubongo umachulukitsa timaloti, ndipo chikonga chikatha m'magazi munthu amakwiyakwiya, mtima sukhala m'malo, mpaka atayatsa ina. Mpumulo umene amamva ndi wa vuto lomwe ndudu yapita ija idayambitsa. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, n'chifukwa chake woyamba ali ndi zaka 14 amakodwa msanga ndipo amavutika kusiya. Mwa anthu awiri osuta osaleka, mmodzi atha kufa ndi matenda obwera ndi fodyayo.

Ena amati kukhudza fodya n'kupha chuma cha dziko, popeza ndi amene amatibweretsera ndalama zakunja zochuluka kuposa mbewu ina iliyonse. Komatu fodya wa bale wogulitsidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu pafupifupi yense amapita kunja. Kuletsa wa okala kugulitsa ndudu kwa mwana sikuchotsa ngakhale tambala pa belo la mlimi. Ena amaopera mpira. South Africa idaletsa makampani a fodya kuthandiza masewera kudzera m'lamulo la mu 1999, chikho cha Rothmans chidatha, makampani ena adalowa m'malo ndipo mpira ukuseweredwabe.

Funso lovuta ndi la chingambwe, chomwe palibe amachitsatsa ndipo chimagulitsidwa pamsika chopanda paketi. N'zoona kuti kuletsa kutsatsa sikungachikhudze. N'chifukwa chake lamulolo liyenera kunena za fodya wamtundu uliwonse wogulitsidwa kwa munthu wosafika zaka 18, osati ndudu za m'fakitale zokha, ndipo mphamvu yolitsatira ipatsidwe kwa khonsolo ya Mangochi, mafumu ndi makomiti a m'madoko, omwe amadziwa amene amagulitsa ndi pomwe amagulitsira.