Seva ya kuchipatala ikamachedwa, kuyeza diski kuyambe kugula SSD kutsatire

Kukula kwa SSD (diski yopanda chozungulira) yofunika pa seva yosunga mbiri ya odwala kumadziwika poyeza ntchito imene diski imagwira pa ola limene chipatala chatanganidwa kwambiri. Thandizo la dziko la America pa zaumoyo litachepa mu 2025, chipangizo chogulidwa mongoganizira chakhala ndalama yotayika yomwe palibe wodzaibweza. Kumalo ngati Iponga, kumpoto kwa boma la Karonga kufupi ndi chipata cha Songwe, vutoli limakula chifukwa cha mtunda: Mzuzu ili pa makilomita oposa 200, ndipo katswiri wa makina sangafike tsiku lomwelo.

Kulemba odwala pakompyuta kudayamba mu 2001 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kudzera mu ntchito ya Gerry Douglas yomwe idabala bungwe la Baobab Health Trust. Pambuyo pake makinawa adafalikira m'makiliniki a ma ARV. Wogwira ntchito amasikana kachizindikiro komatidwa pa kabuku ka wodwala, n'kumagogoda pa sikirini, ndipo mayankho amachokera ku seva yoyendera Linux ndi MySQL.

Kusikana kumodziko kumatuma diski kukafuna dzina, sikelo ya ulendo watha, mankhwala amene munthu akumwa ndi tsiku lobweranso. Tinthuti ndi tating'ono koma tili malo osiyanasiyana. Mu hard disk muli mbale yozungulira ka 7,200 pa mphindi ndi kamkono kowerenga. Pa kanthu kalikonse kamkonoko kamayenera kusuntha kufika pamzere woyenera, kenako kudikira kuti mbale ibweretse malowo pansi pake. Kudikira mbale kokha kumatenga pafupifupi mamilisekondi 4, ndipo kuphatikiza kusuntha zimakwana 10 kapena kuposerapo. Choncho diski yotere imangokwanitsa zopempha zobalalika pafupifupi 100 pa sekondi. SSD ilibe chozungulira. Imayankha m'gawo limodzi mwa magawo khumi a milisekondi ndipo imalandira zopempha zikwi makumi angapo pa sekondi.

Pa Linux, pulogalamu ya iostat imaonetsa manambala ofunika: kuwerenga ndi kulemba kochitika pa sekondi, nthawi imene chopempha chilichonse chikudikira, ndi gawo la nthawi limene diski ili pa ntchito. Nthawi yoyezera ndiyo imasokoneza ambiri. Avereji ya tsiku lonse imanama, chifukwa seva imangokhala usiku wonse ndi masana ambiri. Kuyeza kuchitike m'mawa wa tsiku la kiliniki mzere utafika panja, pa nthawi yokopera zosungidwa, komanso pakutha pa miyezi itatu pomwe lipoti la odwala onse a ma ARV limatulutsidwa, poti lipotilo limawerenga pafupifupi chilichonse. Hard disk ikamaonetsa kuti ili pa ntchito pafupifupi nthawi yonse, kudikira n'kufika mamilisekondi makumi angapo, diskiyo ndiyo ikuchedwetsa mzere. Ikapezeka ikungokhala, vuto lili pa RAM, pa waya, pa batire kapena pa pulogalamu, ndipo SSD yodula motani singathandize. Mawu oti "netiweki yavuta" amaphimba zonsezi popanda kuloza chilichonse.

Chachiwiri choyeza ndi gawo la zosungidwa limene limakhudzidwa tsiku ndi tsiku. Banja lolima mpunga silisunga matumba onse pafupi ndi mafuwa. Pamenepo pamakhala wophika sabata imeneyo, wotsalawo uli m'nkhokwe. Mbiri ya odwala amene akubwera pano ndiyo imafuna liwiro, pamene makope akale angakhale pa hard disk yotchipa. Komanso zolemba sizidya malo. Ulendo umodzi wa wodwala utatenga makilobayiti 10, maulendo 1 miliyoni angadzaze magigabayiti 10 okha.

Apa m'pamene pali bodza lokhumudwitsa loti materabayiti ambiri ndiye liwiro. Hard disk ya materabayiti 4 ili ndi kamkono kosuntha chimodzimodzi ndi ya terabayiti imodzi, ndipo wodwala adikirabe pabenchi. Bodza linzake, lomwe limamveka ngakhale kwa ogulitsa, ndi loti SSD imatha pa miyezi yochepa chifukwa cholembedwalembedwa. Kutha kulipodi, koma kuli ndi masamu ake. Mkati mwa SSD zinthu zimalembedwa m'timasamba ting'onoting'ono, koma kufufuta kumatheka pa chigawo chathunthu cha timasamba tambiri. Kuti isinthe kanthu kamodzi, SSD imalemba pamalo atsopano, kenako imasamutsa zabwino zotsala m'chigawo chakale isanachifufute. Ikadzaza, malo osamutsirako amachepa, imalemba kangapo pa chinthu chimodzi, imachedwa ndipo imatha msanga. N'chifukwa chake pa kukula koyezedwa pamawonjezedwa zomwe zidzachuluke m'zaka zitatu kapena zisanu, n'kusiyanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu.

Opanga amalemba malire a kulembaku pa nambala yotchedwa TBW, yowerengedwa m'materabayiti. Samsung 870 EVO ya magigabayiti 500 ili ndi TBW 300. Seva yolemba magigabayiti 20 pa tsiku imalemba materabayiti 7.3 pa chaka, kutanthauza zaka zoposa 40 isanafike pamalirewo. Kufalitsa mantha popanda kuchita masamu aafupi chonchi ndi kusasamala.

Adani enieni a SSD kumalo ngati Iponga ndi kutentha ndi kuthimathima kwa magetsi. Ma SSD ambiri a m'sitolo adapangidwa kugwira ntchito mpaka madigiri 70, ndipo akayandikira pamenepo amadzichepetsera okha liwiro. Chipinda chotsekedwa cha denga la malata mu Okutobala ndi Novembala chimawakankhira komweko. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zomwe zinali zisanamalize kulembedwa zikhoza kutayika, kupatula pa ma SSD a maseva omwe ali ndi tizipangizo tosunga mphamvu yomalizira kulemba. Kawirikawiri SSD imafa mosachenjeza, ndipo kutulutsamo zosungidwa kumavuta kuposa pa hard disk, choncho kope la tsiku ndi tsiku losungidwa pa chipangizo china limafunikabe monga kale.